Zitumbuwa za Mkute wa Khirisimasi

Inu ana, mbale zimenezo zisapite kubini. Bweretsani kuno patebulo zonse, ndi ya kabichi yomwe Farai akuibisa kumbuyoyo. Iwe Farai, ndakuona. Dzulo unadya ngati wotuluka kundende, lero ukuchita tsinya kuona mpunga womwewo, ati wagona. Nanga iwe sunagone? Takutaya?

Chisomo, yatsa mbaula magetsi asanathawe, undipatse chiwaya changa chachitsulo, osati kako kopepuka kaja kamene kamapsereza dzira usanatembenuke. Enanu khalani pansi, mafoni m'matumba. Makolo anu akadali m'tulo, ndiye ndikufuna ndikuuzeni nkhani ina asanadzuke. Yohane, bambo ako iwe Chisomo, akakhalapo amandidula pakamwa n'kuikamba mwa njira yake, ndipo akaikamba iye ndimatuluka ngwazi. Iye kunalibe tsiku limenelo. Ine ndinalipo, ndipo zimene ndimakumbukira ndi mantha okhaokha.

Koma poyamba onani manja anga, chifukwa sindidzakhalapo masiku onse. Mbatatesi zotsala muzinyenye ndi foloko. Nyama muichotse kumafupa ndi zala, mpeni umasiya yambiri. Thiranimo kabichi, mpunga pang'ono, anyezi wosadula mwaulesi, ndi dzira limodzi loti ligwirizanitse zonsezi. Mukatero umbani timibulu, kanikizani ndi chikhatho, n'kuponya m'mafuta otentha. Musamazitembenuze kawirikawiri, zisiyeni zichite khambi pansi. Dona amene ndinkamuphikira anali ndi dzina lake lachizungu la chakudya chimenechi, lilime langa linalikana. Ana a m'komboni ankati zitumbuwa za mkute, ndipo dzina linakhala lomwelo.

Ine ndinabadwira papulazi ya mzungu cha ku Odzi, kufupi ndi Mutare, kuno kudziko la Ashona. Bambo anga anachoka ku Dedza wapansi, kudutsa kwa Apwitikizi, nsapato atakoleka m'khosi kuti zisathe. Iwo anagwira ya fodya mpaka msana unapindika. Ine mwayi unandigwera, ndinalowa m'khitchini ndili mnyamata, ndinayamba ndi kutsuka mapoto mpaka ndinavala epuloni yoyera. Inu mumadina kabatani, kabokosi kaja n'kulira ti-ti-ti, basi chakudya chatentha. Ife mbaula yathu inkadya nkhuni, ndipo kutentha kwa uvuni ndinkayeza ndi kuseri kwa dzanja. Firiji inali ya palafini, ikayamba kufuka utsi unkagwada pansi n'kukonza chingwe chake ngati ukuinyengerera.

Tsiku la Khirisimasi azungu ankadya nkhukundembo ndi nyama ya nkhumba mpaka kumasula malamba. M'mawa mwake ankadzuka mitu ikuwawa, n'kumafuna zitumbuwa zanga zamchere ndi tsabola. M'khitchini imeneyo ndinaphunziramo zinthu ziwiri, ndipo muzisunge chifukwa ndi zimene zinadzandipachika. Choyamba, khukhi amaphika pawiri: zanyama zimapita kunyumba yaikulu, zotsalira za kabichi ndi mbatatesi amadya iye ndi ake. Chachiwiri, mbale ikachoka m'manja mwako sugwiramonso. Tsiku lina dona anandipeza ndikutola kanyenyeswa m'mphepete mwa mbale ya bwana, ndipo anakuwa mpaka agalu anauwa panja. Kuyambira pamenepo ndikapereka chakudya manja ankapita okha kumbuyo, ndiime chilili ngati msilikali.

Za mmene tinachokera papulazi munamva, sindichulukitsa. Anthu ofuna minda ya azungu anabwera ndi ng'oma nakhala pageti masiku angapo akuimba. Za minda ine sinditsutsa, eni dziko anali ndi chifukwa chawo. Koma ife a m'komboni tinalibe mbali. Mzungu anakwera galimoto yake, ife anatiuza kuti tibwerere kwathu. Kwathu kuti? Manda a bambo anga ali kuseri kwa mabalani a fodya, ndipo chitupa changa chinali ndi chilembo chonena kuti ndine mlendo m'dziko lomwe mchombo wanga unakwiriridwa. Tinakwera lole ndi agogo anu aNachisale, ndi Yohane, chiwaya ichi chili m'thumba la chimanga.

Ku Sakubva, m'tauni ya Mutare, tinamanga kachisakasa ka matabwa kuseri kwa nyumba ya munthu. Titangoti tapuma, kunabwera chaka chogwetsa zisakasa, ndipo tinauzidwa kuti tigwetse tokha ndi manja athu. Munali m'nyengo yozizira. Inu mumadandaula kuzizira muli m'mabulangete awiri kuno ku Florida, dera labwino la tauni yomweyi, simudziwa kuzizira kwa Mutare ukagona pamtetete ndi khanda. Khandalo unali iwe, Chisomo. Agogo ako ankakuika mkati mwa diresi lawo, ine n'kumatchinga mphepo ndi lata. Kuyambira masiku amenewo ndikamva galimoto yaikulu ikuima panja, ndimadzuka kukasuzumira pawindo, mpaka lero.

Amene anatilandira anali Mai Rudo a ku Hobhouse, mbali ina ya tauni, mayi wamasiye amene anali ndi katakishopu kogulitsa sopo ndi mchere pageti ndi mwana mmodzi yekha, Rudo. Anatipatsa chipinda chakumbuyo. Musamuone ngati munthu woipa mukamva zotsatirazi. Anzake anamuchenjeza kuti asalowetse mabhurandaya pakhomo, ndilo dzina lomwe ankatitcha ife a ku Malawi, ati timayenda ndi mankhwala ndipo usiku timasanduka afisi. Iye anatsegulabe chitseko. Komabe ndinkadziwa kuti mawu amenewo sanatuluke m'mutu mwake, anangokhala pansi ngati matope m'ndowa. Choncho tinkayenda monyang'ama. Chinyanja tinkalankhula chapansipansi, ndipo aNachisale ankasesa bwalo lonse, ndi mbali yomwe sinali yathu.

Tsopano ndafika pa Khirisimasi ya chaka cha njala chija, mashopu ali mbee, mipopi youma, anthu akutunga madzi m'zitsime zokumba okha. Iwe Chisomo unali ndi zaka zinayi. Mayi ako anali atawoloka kupita ku Manica, kwa Apwitikizi, kukasaka mpunga wogulitsa, bambo ako anali mlonda panyumba ina ya kumayadi ku Murambi, ndiye unali m'manja mwathu. Mabwana a Yohane anachita phwando lawo Khirisimasi isanafike ndi tsiku limodzi, ndipo m'mawa wa Khirisimasi iye anabwera ndi theka la nkhuku yowotcha m'pepala, n'kubwereranso kuntchito. Chaka chimenecho kuona nkhuku kunali ngati kuona mzimu. Tinadya mosamala, tinasiya msana, mapiko ndi khosi. Masana Mai Rudo anatitumizira mbale ya mpunga ndi nyemba, monga amachitira anthu okhala bwalo limodzi.

Inu ana a masiku ano mbale ya mnzanu mumangoitsuka n'kukaisiya pakhonde. Ife ayi. Mbale ikabwera ndi kanthu sibwerera chimanjamanja. Ndinadzuka m'mawa ndili ndi chimwemwe chomwe ndinali nditachiiwala, chifukwa kwa nthawi yoyamba chichokere papulazi ndinali ndi zonse zofunika pa zitumbuwa zanga. Ndinafuna Mai Rudo aone kuti kumbuyo kwa nyumba yawo sikukhala wopemphetsa, kukukhala khukhi.

Nditavundukula nkhuku ija ndinaiika pamphuno. Inali itagona masiku awiri, m'kutentha kwa Disembala, popanda firiji. Sinali yowola, ayi. Koma panali kafungo kena kakang'ono, kotsekemera pang'ono, kamene khukhi aliyense amakadziwa. Kukhitchini ya dona ndikanaiponyera agalu osaganiza kawiri. Ndinanunkhizanso, ndipo ulendo wachiwiriwu ndinadziuza kuti sindinamve kanthu.

Agogo anu ankandiyang'ana ali pamphasa. Anati, "AMbewe, nkhukuyo ili bwinobwino?"

Ndinayankha kuti, "Ndaphikira azungu mpaka imvi, inu mundiphunzitse nkhuku? Moto umapha zonse."

Ndinathira anyezi wambiri, adyo ndi tsabola, n'kukazinga mpaka zinachita bii m'mbali. Ndiye chizolowezi chija chinandigwira dzanja, ndinaphika pawiri. Zankhuku zinatuluka zisanu. Zinayi ndinaika m'mbale ya Mai Rudo, chimodzi ndinavundikira ndi bakuli kusungira Yohane. Ife atatu tinadya za kabichi ndi mbatatesi.

Farai, tembenuza izo, zikupserera. Ndi sipuni, mwana iwe, osati ndi zala.

Ndinanyamula mbale ija ndi manja awiri mpaka kukhomo lakutsogolo. Ndinati, "Mangwanani, Mai Rudo. Ndabweza mbale yanu."

"Mangwanani, Sekuru. Ko, chii chinonhuwirira kudai?" Ankafunsa kuti chikununkhira chonchi n'chiyani.

ANachisale anali pampopi wouma uja akupachika nsanza, ndipo pofuna kundikweza anaponyapo mawu. Anati, "Zanuzo ndi zapadera, Mai Rudo, ndi za nkhuku. Ife tadya zina. Sekuru akuphikirani panokha."

Mai Rudo analandira mbale, koma sanalowe nayo. Anaima pakhomo ataitambasulira kwa ine, maso ali pankhope yanga. Inu mukudziwa chimene ankadikira? Simungadziwe, inu mumadya zobwera panjinga yamoto kuchokera kwa munthu amene simunamuonepo. Kuno, ngakhalenso kwa makolo athu ku Dedza, wopereka chakudya amayamba iye kulawa pamaso pa wolandira. Ashona amati kubvisa uroyi, kuchotsa ufiti. Ine mwambo umenewu ndinkaudziwa kuyambira ndili mwana, bambo anga sankapereka chipanda cha mowa asanapsontheko. Koma manja anga anali kale kumbuyo. Ndinaima njo, ndikumwetulira, kudikira kuti andiyamikire ngati dona. Mai Rudo anadikira pang'ono, kenako anati, "Maita basa," zikomo wa Chishona, n'kulowa.

Nditabwerera m'chipinda agogo anu anandinong'oneza kuti, "Simunalawe." Pamenepo m'pamene zinandilowa. Ndinaganiza zobwerera kukagogoda, koma ndinachita manyazi. Ndikanati chiyani, bwezani mbale ndilumeko? Ndinati zipita zokha.

Ndinadzamva pambuyo pake kuti Mai Rudo sanadye. Anaika mbale ija pamwamba pa kabati n'kupita kukatsegula katakishopu kawo. Rudo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo mwana wanjala ali ndi mphuno. Anakoka mpando, anakwera, n'kudya zonse zinayi. Akulu anati nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu, ine ndinazionera pamenepo.

Dzuwa lisanafike paliwombo ndinamva kusanza kuseri kwa khoma. Kenako chitseko cha chimbudzi chikutseguka n'kutsekeka, kutseguka n'kutsekeka. Ndinali ndikusoka nsapato, singano inandigwa m'manja. ANachisale ndi ine tinayang'anizana. Patapita kanthawi tinamva Mai Rudo akuitana dzina la mwana wawo mobwerezabwereza, ndi mawu amene munthu amaitanira wina amene sakuyankha.

Nditatuluka ndinapeza Rudo atagonekedwa pakhonde, maso atalowa mkati, milomo yauma gwa. Mwana amene m'mawa ankalumpha chingwe anali ngati nsalu yonyowa. Ndinati, "Mai Rudo, tithamangire naye kukiliniki." Sanandiyang'ane n'komwe. Anali atatuma kale munthu kukaitana mlongo wawo, Garikai.

Garikai ameneyu anali munthu woopedwa m'dera lonse. Miyezi ya m'mbuyomo, nthawi ya mavoti, anthu anathyoledwa manja pa zifukwa zochepa kuposa yanga, ndipo dzina lake linkatchulidwa monong'ona. Anafika ndi anzake awiri. Pofika iwo n'kuti pampanda padzaza kale anthu, amayi ndi ndowa zawo, azibambo opanda malaya. Ndinamva mawu akuyenda pakati pawo ngati moto wa m'udzu wouma: mabhurandaya, mushonga, kutanthauza mankhwala, anaphika pawiri, sanalawe.

Garikai anati, "Achimwene, makaisa chii?" Ndi mmene ankatiitanira akafuna kutichepetsa. Ankafunsa kuti ndinathiramo chiyani.

Ndinati, "Nkhuku, mwanangu. Nkhuku, mbatatesi ndi kabichi, basi."

"Saka sei imi musina kudya? Mwaphikira mlongo wanga zake, inu zanu. Chifukwa chiyani?"

Ndikanamuuza chiyani, inu ana? Kuti ndi mmene ndinkachitira kwa mzungu? Kwa munthu ngati ameneyo, kutchula kuti ndinali khukhi wa mzungu kunali kudzithira palafini ndekha. Ndinangoti ndi ulemu. Anthu pampanda anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino.

Analowa m'chipinda chathu osaodira. Anagubuduza matiresi, anakhuthula thumba la zovala za agogo anu pabwalo kufuna nsupa ndi zithumwa. Sanapeze kanthu koma Baibulo la Chinyanja ndi mapilisi a msana. Kenako anavundukula bakuli lija, n'kutuluka ndi chitumbuwa cha Yohane pa kambale. Anachiika patsogolo panga n'kunena kuti, "Idyai."

Mtima wanga unatsika pang'ono. Ndinati ngati n'kutsegula m'mimba, nditsegule ine, ndine nkhalamba, ndapirira zambiri. Ndinatambasula dzanja. Koma Mai Rudo analankhula ali pansi pomwepo, mutu wa mwana wawo uli pamiyendo. Sanakuwe. Akanakuwa bwenzi zili bwino.

Anati, "Kwete imi, Sekuru. Inu munatemera, sizingakugwireni. Mwana wangu adya, wenyu ngaadyewo."

Mwana wanga wadya, wanunso adye. Iwe Chisomo unali utagwira chitenje cha agogo ako, chala chili m'kamwa, ukuyang'ana kambale kaja. Sunkamva zimene zinkanenedwa. Unkangoona chitumbuwa chankhuku chomwe m'mawa tinakukaniza.

Mvetsani bwino pamene ndinaima. Ufiti ndinkadziwa kuti mulibe. Koma kafungo kaja ndinkakadziwa, ndipo kutsogolo kwanga kunali mwana wagona amene anadya nkhuku yomweyo. Mumtima ndinali nditavomera kale kuti ndine ndamudwalitsa. Ndikanakana kukupatsa, ndiye kuti ndavomera ufiti, ndipo ndi Garikai sitikanangothamangitsidwa chabe. Ndikananena zoona, kuti nyama inali yokayikitsa, ndiye kuti ndavomera kuti ndinapatsa eni nyumba chinthu chomwe ndinamana a m'nyumba mwanga. Njira zonse ziwiri zinkathera pamsewu, kachitatu, popanda wina wotitsegulira chitseko m'Mutare monse. Yachitatu inali iwe.

Agogo ako anati, "AMbewe." Anangotchula dzina lokhalo, kamodzi. Iwo okha pabwalo ponse ndi amene ankadziwa funso lomwe anandifunsa m'mawa.

Ndinagwada. Ndinati, "Bwera, Chisomo, udye." Unasiya chitenje n'kubwera. Ndipo usanalandire unawomba m'manja, timanja tako titapindika monga tinakuphunzitsira, n'kunena kuti, "Maita, Sekuru." Ndinanyema chitumbuwa chija n'kumakupatsa pang'onopang'ono. Nyenyeswa zinkagwera pansi, iwe n'kumazitola. Tsabola anakuwawa, unapemerera lilime, koma sunasiye. Utamaliza unanyambita zala n'kufunsa ngati chilipo china. Mayi wina pampanda anatembenuka n'kuchoka, sanathe kupitiriza kuonerera.

Pamenepo m'pamene Mai Rudo analola kuti mwana wawo anyamulidwe. Anamuika m'wilibala pa bulangete, n'kuthamanga naye kukiliniki ndi amayi ena awiri. Garikai anatsala. Anakoka benchi n'kuliika pakati pa bwalo, pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kunena kuti tikhale pomwepo atatufe, pamaso pa anthu, mpaka zioneke. Iye anakhala pa njerwa pageti, chikwapu cha payipi chili pamaondo.

Ndakhalapo ndi mantha m'moyo uno. Ndinaopa ng'oma zija pageti la pulazi, ndinaopa tsiku logwetsa zisakasa. Koma mantha amenewo unkatha kuthawa nawo, kunyamula katundu, kuchita kenakake ndi manja. Awa anali ongokhala pansi n'kumayang'ana mimba ya mwana. Iwe unkasewera ndi zitsekerero za mabotolo pafumbi. Ukayetsemula, mtima wanga unkaima. Ukakhala chete, ndinkati zayamba. Ndinkawerenga nthawi ndi mthunzi wa mtengo uja, chifukwa ndinkadziwa kuti nyama yoipa sichedwa, ikafuna kugwira imagwira dzuwa lisanalowe. ANachisale anakhala kumapeto kwenikweni kwa benchi, atandipatsa msana.

Mthunzi utafika pakhoma unadzuka n'kubwera kwa ine utagwira pamimba. Unati, "Sekuru, ndikufuna kutoireti."

Anthu amene anali atayamba kutopa pampanda anadzuka onse. Garikai anaimirira n'kunena kuti usapite kuchimbudzi, akubweretsere chitini pomwepo kuti aliyense aone. Agogo ako anakutchinga ndi chitenje chawo. Ine ndinayang'ana pansi. Kenako tinamva kaphokoso m'chitini, ndipo Garikai anasuzumira. Unali mkodzo chabe. Unakweza kabudula wako n'kubwerera ku zitsekerero zako, ukudabwa kuti akuluakulu onsewa akuyang'ana chiyani.

Pambuyo pake unagona pamiyendo panga. Ndinaika chikhatho pamimba pako, ndipo kulira kulikonse kwa m'matumbo ndinkakumva m'dzanja langa. Ndinkagwira chipumi chako, kugwira milomo kuona ngati ikuuma. Unkangopuma bwinobwino, kukamwa kuli yasa, mafuta a chitumbuwa akadali pachibwano.

Dzuwa litapendeka kunadutsa wilibala ina mumsewu. Munali bambo wamkulu wa mzere wakumtunda, munthu amene sanalawepo kanthu ka m'nyumba mwathu, maso ake atalowa chimodzimodzi ndi a Rudo. Posakhalitsa kunadutsanso mayi atabereka mwana wamkulu kumsana, akuthamangira komweko. Anthu pampanda anayamba kuyang'anizana. Kenako mmodzi wa amayi amene anaperekeza Mai Rudo anabwerera, n'kunena pageti kuti anamwino akuti ndi kolera, mabedi adzaza, ndipo onse akuchokera kumbali yomwe imatunga pachitsime cha kumunsi. Aliyense anakumbukira ndowa yake. Pampanda panatsala zii m'kanthawi kochepa, ndipo palibe amene anatiyang'ana pochoka. Garikai anatola chikwapu chake n'kutuluka, geti analisiya pululu.

Rudo anachira. Anabwera patapita masiku, ataonda ngati kamtengo, koma akuyenda yekha. Pano ndi mayi wa ana awiri, mumamuona kumsika amandipatsa moni. Mai Rudo sanapepese, inenso sindinayembekezere. Anangotola zovala za agogo anu zomwe zinatsala pafumbi, anazichapa n'kuziyanika pa chingwe chathu. Tinakhalabe m'chipinda chija zaka zina zingapo mpaka Yohane anapeza pake. Iye anabwera kuchokera kuntchito mawa lake la tsiku la zitumbuwa lija, ndipo nkhani anaimva kwa anthu a mumsewu, kuti mdala wako ndi mwamuna, anadyetsa mdzukulu wake pamaso pa Garikai osaphethira. Anandigwira dzanja misozi ili m'maso. Ine sindinamukonze.

Agogo ako sanandilankhule mpaka chaka chatsopano chinadutsa. Tinakhala limodzi zaka zambiri pambuyo pake, tinkaseka, tinkakangana za mchere ngati kale, koma iwe Chisomo sankakusiyanso ndi ine wekha nthawi ya chakudya. Anamwalira osaitchula nkhaniyi ngakhale kamodzi, ndipo ine ndinkayamika kuti sakuitchula. Iwo ankadziwa za kafungo kaja. Koma pali china chimene ngakhale iwo sanachidziwe.

Farai, chotsa chiwaya pamoto. Chisomo, siya mbalezo, khala apa ndikuone kumaso.

Masana onse aja, uli gone pamiyendo panga, ndinkapemphera. Ukanandiona ukanati nkhalamba ikupempherera moyo wa mdzukulu wake, ndipo poyamba zinalidi choncho. Koma mthunzi utatalika, Garikai akundiyang'anabe, ndinadzimva ndikupempha china. Sindinkanenanso kuti Ambuye, mwanayu asadwale. Ndinkati, Ambuye, ngati adwale, adwale anthuwa atachoka. Ndinabwereza mawu amenewo kambirimbiri, dzanja langa lili pamimba pako. Ndinali wokonzeka kuti uvutike m'chipinda chotseka, ndikutseke pakamwa kuti kusanza kwako kusamveke kuseri kwa khoma, bola denga likhalebe pamutu pathu.

Sunadwale, ndipo zimenezo sizinachokere kwa ine. Ndanyamula pemphero limeneli zaka zonsezi, ukundiitana Sekuru, ukundisungira nyama yofewa chifukwa mano anatha. Sindikufuna udzandilire usakundidziwa. Ngati n'kukwiya, mwana wanga, undikwiyire lero, ndikadali ndi makutu omvera.